Matailosi akale a m'kolido: kodi angakonzedwe, kapena ndingothirapo simenti?

Mayi wina amene akukhala ku Leicester, m'dziko la England, walemba motere: "Ine ndi bambo a kunyumba tagula nyumba yakale, imodzi mwa nyumba zija zogundizana mumzere, ndipo mapepala ake akuonetsa kuti inamangidwa cha m'ma 1890. Titachotsa kapeti ya m'kolido yolowera kuchokera pakhomo lakumaso, tapeza matailosi ang'onoang'ono ofiira, akuda, achikasu ndi oyera, oyalidwa mwaluso kwambiri. Koma ena ndi osweka, ena akugwedera, m'mbali muli mabowo a misomali, pakati padutsa mzere wa simenti, ndipo pafupi ndi masitepe pali zinthu zakuda zomata ngati phula. Patangopita masiku ochepa, pamwamba payamba kutuluka ufa woyera. Mmisiri wina watiuza kuti angothirapo simenti yosalaza n'kuyala matailosi atsopano. Kodi akalewa angakonzedwe? Nanga ndikawatsuka, ndingawapake polishi wofiira monga timachitira kwathu?"

Mayi, khazikani mtima pansi, chifukwa pa zonse zimene mwafotokoza palibe chimene chikusonyeza kuti matailosi anu atha ntchito. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yokonza pansi pa nyumba zakale kuno, makolido ambiri amene ndawaona atangovundukulidwa amaoneka chimodzimodzi, ndipo ochuluka mwa iwo amabwerera mwakale. Matailosi amtunduwu kawirikawiri sakhala gwero la vuto. Vuto limakhala pa zimene zili pansi pake, kapena pa zimene anthu anaikapo pamwamba m'zaka zapitazi. Choncho malangizo anga oyamba ndi akuti musalole kuti pathiridwe simenti yosalaza, musapake polishi, ndiponso musathamangire kugwira ntchito iliyonse sabata ino.

Ndi bwino mudziwe kaye chimene muli nacho. Nyumba yanu ndi ya kumapeto kwa ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, ndipo nthawi imeneyo ngakhale nyumba za anthu wamba zinkakhala ndi kolido ya matailosi, chifukwa ndi pamene mlendo ankayamba kuona akangolowa. Matailosiwa ali mitundu iwiri. Ochuluka ndi amene amisiri amati geometric: tizidutswa ta ngodya zitatu, zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, kalikonse ka mtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ankapangidwa potsindira dothi louma ngati ufa m'makina amphamvu n'kuliwotcha, njira imene Richard Prosser analembetsa mu 1840 ndipo Herbert Minton wa ku Stoke-on-Trent anaigwiritsa ntchito pa matailosi. Mtundu wachiwiri ndi encaustic, wokhala ndi maluwa kapena zojambula zina. Zojambulazo si penti ayi, koma ndi dothi la mtundu wina lothiridwa m'timaenje todindidwa pa tailosi isanawotchedwe, n'chifukwa chake sizifufutika ngakhale zitapondedwa zaka 100. Matailosi otere a Minton ndi amene ali m'nyumba ya malamulo ku Westminster komanso mu St George's Hall ku Liverpool. M'nyumba za anthu wamba ankangoikamo ochepa, pakati pa matailosi oyalidwa ngati nyenyezi kapena m'makona, chifukwa anali okwera mtengo. Mitundu yonse iwiri ilibe galasi lonyezimira pamwamba monga matailosi a m'bafa, ndiye kuti imamwa madzi ndi mafuta pang'ono.

Tsopano tione za pansi pake, chifukwa apa ndi pagona nkhani yonse. Amisiri a nthawi imeneyo ankathira zibuma zophwanyika, miyala kapena phulusa la malasha, kenako matope a laimu ndi mchenga, ndipo pamwamba pake ankayala matailosi mothithikana kwambiri, mwina mpata wa milimita imodzi yokha, pa matope opyapyala a laimu kapena simenti. Pansi pa zonsezi panalibe pulasitiki yotchinga chinyontho, chifukwa imeneyo inadzafala patapita zaka zambiri. Ndiye kuti chinyontho cha m'nthaka chimakwera pang'onopang'ono, kudutsa m'laimu ndi m'mipata ya matailosi, n'kuuluka. Amisirife timati pansi pamapuma. Malinga ngati pakupuma, pamakhala pouma ndiponso polimba. Koma munthu akaphimbapo ndi kapeti ya labala kunsi, pulasitiki, guluu, vanishi kapena simenti yolimba, chinyonthocho chimasowa potulukira, chimafewetsa laimu, chimamasula matailosi, ndipo nthawi zina chimathawira m'makoma n'kuyamba kusenda penti ndi kuwoletsa matabwa a m'munsi mwa khoma. Chilichonse chimene mungachite pa kolido yanu muzichiyesa ndi funso limodzi ili: kodi chikulola kuti pansi papume kapena chikutseka?

Ufa woyera umene wakudetsani nkhawa ukuchokera pomwepa. Ndi mchere wa m'nthaka ndi m'matope omangira umene unasungunuka m'chinyontho chomwe kapeti inatsekereza. Mutachotsa kapetiyo madzi ayamba kuuluka, ndipo mchere ukutsalira pamwamba, monga mmene umatsalira pa malaya thukuta likauma. Kunena zoona, chimenechi ndi chizindikiro chabwino, chifukwa chikusonyeza kuti pansi payamba kuuma. Muziusesa ndi burashi youma kapena kuukoka ndi makina okoka fumbi, koma musaukolope, popeza madzi amausungunula n'kuubwezera m'kati, ndipo mawa lake umatulukanso. Zimatenga milungu ingapo, mwinanso miyezi ngati mwavundukula m'nyengo yozizira. Tsegulani zitseko kuti mpweya uziyenda, ndipo musaikepo chotenthetsera champhamvu pofuna kufulumizitsa. Mukafuna kudziwa ngati pauma, tengani pulasitiki yoonekera mkati, yaikulu ngati thaulo laling'ono, muimate ndi tepi m'mbali zonse pa matailosi, ndipo muisiye masiku awiri. Mukapeza madontho kunsi kwake, kapena matailosi atada pamalopo, ndiye kuti chinyontho chidakalipo chambiri. Ngati ufawo ukungotuluka pamalo amodzi osaleka, makamaka pafupi ndi khomo kapena m'mphepete mwa mzere wa simenti uja, funani gwero lake: paipi yodontha, ngalande ya padenga yotsekeka, kapena bwalo lakunja limene linakwezedwa mpaka madzi a mvula akumalowera kunyumba. Kukonza matailosi musanatseke gwero la madzi ndi kutaya ndalama.

Zinthu zakuda zomata zija ndiye ndikupemphani kuti musazikhudze kaye. Kawirikawiri limakhala guluu wa phula amene ankamatira matailosi a pulasitiki kapena zoyala zina m'zaka za pakati pa 1950 ndi 1980, ndipo guluu wina wamtunduwu, pamodzi ndi matailosi apulasitikiwo, ankasakanizidwa ndi asbestos, ulusi wochokera m'miyala umene umaononga mapapo. Dziko la Britain linaletsa asbestos kotheratu mu 1999, choncho nyumba iliyonse yakale ikhoza kukhala nayo. Ikakhala yosakhudzidwa siopsa kwenikweni, koma mukaipala ndi makina kapena sandipepa, fumbi lake limalowa m'mapapo ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka zambiri. Pali makampani amene amayeza kachidutswa kakang'ono m'labotale yovomerezeka ndi bungwe la UKAS, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yonse. Zotsatira zikasonyeza kuti mulibe asbestos, phulalo limachoka ndi mankhwala osungunula guluu, pang'onopang'ono, mukupala ndi chopalira chapulasitiki, mawindo ndi zitseko zili zotsegula. Zikasonyeza kuti ilimo, ntchito imeneyo isiyireni anthu amene anaphunzitsidwa.

Pamene mukudikira kuti pansi paume, pali ntchito yofunika imene mungagwire nokha popanda kuwononga kanthu. Jambulani zithunzi za kolido yonse mutaima pamwamba pa masitepe, kenako chigawo ndi chigawo chapafupi, chifukwa matailosi akangozulidwa, palibe amene amakumbukira bwino mmene analili. Mukatero gwadani, mutenge chogwirira cha sikuludiraiva kapena ndalama yachitsulo, muzigogoda tailosi iliyonse mopepuka. Yogwira bwino imalira mouma, mwachidule. Imene yalekana ndi matope ake imalira mwamphako. Lembani ndi choko iliyonse yolira mwamphako, ndipo ikani chizindikiro china pa imene ikugwedera mukaikankha ndi chala. Mukamaliza mudzakhala ndi mapu a vuto lanu, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti malo ovuta ndi awiri kapena atatu okha: pakhomo, m'mphepete mwa simenti ija, ndi pamene kolido ikukumana ndi pansi pa matabwa pa zipinda.

Onaninso ngati pansi pa kolidoyo pali chipinda chapansi. M'nyumba zina matailosi anayalidwa pa matope okhala pamwamba pa mitanda yamatabwa, ndipo ngati ndi choncho, tsikani ndi tochi mukaone nsonga za mitandayo pamene zalowa m'khoma. Mtanda wowola umapangitsa pansi kuvina munthu akamayenda, ndipo palibe guluu amene angagwire matailosi pamalo ovina. Ming'alu nayonso imafotokoza nkhani yake. Tailosi imodzi yosweka payokha ndiye kuti panagwa chinthu cholemera. Mng'alu wautali wodutsa matailosi ambiri mumzere umodzi ukutanthauza kuti pansi pake panasuntha. Ambiri mwa ming'alu yotereyi ndi yakalekale ndipo inaleka kukula. Kuti mutsimikize, lembani timizere tiwiri topingasa ndi pensulo, muyeze mpata wake, muulembe pamodzi ndi tsiku, ndipo mudzayezenso pakapita miyezi ingapo. Ukamakula, kapena ukamapitirira kukwera m'khoma, imeneyo si nkhani ya matailosi, koma ya injiniya woona za kulimba kwa nyumba.

Pa matailosi ogwedera, anthu ambiri amalakwitsa pozula ochuluka kuposa ofunika. Tailosi yolira mwamphako koma yosasuntha, yomwe anzake aipanikiza mbali zonse, ndimaisiya. Ikhoza kukhala choncho zaka zina zambiri, ndipo kuizula kumamasula anzake anayi oizungulira, iwonso n'kumasula ena, mpaka munthu amadzazindikira atazula theka la kolido. Zulani zokhazo zimene zikutuluka zokha kapena zikugwedera. Musanazule, matani tepi ya pepala pamwamba pa iliyonse n'kulembapo nambala ndi kamuvi koloza kukhomo. Lowetsani mpeni wopyapyala mumpata, mutukule pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, osatsamiritsa mpeniwo pa mlomo wa tailosi yoyandikana nayo, chifukwa milomo yake imabenthuka msanga. Zimene mwazula muziike pa thabwa mmene zinalili pansi. Matope akale omatirira kunsi kwake amachoka mukaziviika m'madzi n'kupala mosamala. Pamene mukutero yang'anani kunsiko, chifukwa nthawi zambiri pamakhala podindidwa dzina la kampani, monga Minton Hollins, Maw & Co, Craven Dunnill kapena Godwin, ndipo dzinalo lidzakuthandizani pofunafuna ofanana nawo.

Mukazula, onani chimene chatsala m'dzenjemo. Ngati matope a laimu ndi olimba, ingochotsani zofumbutuka, mukoke fumbi, munyowetse pang'ono, ndipo tailosi ibwerere pa matope opyapyala. Ngati afumbutuka mpaka mungawakumbe ndi chala, akumbeni kufikira polimba n'kudzazamo matope atsopano. Apa amisiri amasiyana maganizo, ndipo ndikuuzani mbali imene ndili. Podzaza pansi, ine ndimagwiritsa ntchito laimu wa mtundu wa NHL 3.5 wosakaniza ndi mchenga wokhakhala, chifukwa amapuma ndiponso kulimba kwake kumafanana ndi zimene zilipo kale. Simenti yamakono ndi yolimba mopitirira, ndipo chigamba chake chimakhala ngati chisumbu chosasuntha pakati pa pansi pofewerapo, kotero ming'alu yatsopano imadzabadwa m'mphepete mwake. Kuipa kwa laimu n'kwakuti amachedwa kuuma, ndipo mudzafunika kuika thabwa lodutsapo kwa masiku angapo. Pomata tailosi imodzi kapena ziwiri pamalo olimba kale, guluu wamakono wa matailosi, wosakaniza ndi madzi, amagwira bwino ntchito ndipo sindimutsutsa. Chofunika ndi chakuti tailosi ikhale yofanana msinkhu ndi anzake. Ikani kathabwa kowongoka pamwamba, mugogode pang'onopang'ono ndi nyundo yalabala, ndipo muyendetse chala pa mpata: chala chimamva kusiyana kumene diso silingaone. Mipata idzazeni ndi matope osalala, amadzimadzi, a mtundu wotuwa, osati oyera, ndipo pukutani otsala pamwamba asanaume, chifukwa akauma pa tailosi yopanda galasi amasiya chifunga chovuta kuchotsa.

Mzere wa simenti wodutsa pakati ndi chipsera chimene nyumba zambiri zamtunduwu zili nacho. Pamene ankalowetsa mapaipi a gasi, a madzi kapena a zotenthetsera nyumba, ankangokumba ngalande m'kolido n'kuikwirira ndi simenti, podziwa kuti kapeti ibisa. Ndiye chonde musamenyepo nyundo musanadziwe chimene chili pansi pake. Onani kumene kuli mita ya gasi ndi kumene mapaipi akulowera, ndipo ngati mzerewo ukuloza kumeneko, itanani mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, mndandanda wa amisiri ovomerezeka a gasi, adzaone. Ndi nthawi yabwinonso yosinthiratu paipi yakale, kuti musadzazulenso matailosi mutakonza kale. Pochotsa simentiyo, choopsa chachikulu ndi kunjenjemera. Makina aakulu oswera konkire amamasula matailosi abwinobwino mpaka kumapeto kwa kolido. Mmisiri wodziwa amayamba wadula kamzere kolekanitsa simenti ndi matailosi akale, akuthira madzi kuti fumbi lisauluke, kenako amaswa ndi tchizulo kuyambira pakati, akuloza kutali ndi matailosi, mpaka atatsika mokwanira kuti atsopano alowe. Fumbi la simenti ndi la matailosi limawononga mapapo, choncho aliyense wodula avale chotchinga pamphuno cha mtundu wa FFP3.

Nanga matailosi odzaza malo amenewo muwapeza kuti? Yambani m'nyumba mwanu momwemo. Yang'anani m'kakabati ka pansi pa masitepe, pansi pa matabwa a m'munsi mwa khoma, ndi kuseri kwa chitseko, chifukwa nthawi zina matailosi amapitirira mpaka malo osaoneka, ndipo mukhoza kuzula amenewo n'kuika atsopano kobisikako. Chezaninso ndi anansi anu. Nyumba za mumzere umodzi kawirikawiri zinkamangidwa ndi mmisiri mmodzi, ndipo si zachilendo kupeza kuti wina anazula ake n'kuwasunga m'bokosi kuseri. Kenako pitani kwa ogulitsa zipangizo zochokera m'nyumba zogumulidwa, mutanyamula tailosi yanu yotsuka bwino, chifukwa chithunzi cha pafoni chimanamiza mtundu. Muwanyowetse onse awiri powayerekeza. Akalewa ankayezedwa m'mainchi, potengera tailosi ya mainchi 6, ndipo kukhuthala kwake kumakhala pafupifupi theka la inchi, kapena mamilimita 12, pamene ambiri opangidwa masiku ano ndi opyapyala pang'ono. Kusiyana kwa kukhuthala kumakonzeka ndi matope a pansi, koma kusiyana kwa milimita imodzi m'lifupi kumawonjezekera pa tailosi iliyonse mpaka mzere wonse utakhota, n'chifukwa chake amisiri ambiri amagula matailosi aakulu a mtundu woyenera n'kudula okha tizidutswa. Ngati mwasowa ya maluwa, ku Jackfield m'chigawo cha Shropshire, kumene kuli nyumba yosungirako mbiri ya matailosi m'fakitale yakale ya Craven Dunnill, amapangabe matailosi a encaustic m'njira yakale ndipo amatha kutengera chitsanzo, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera ndipo pamafunika kudikira.

Si tailosi iliyonse yosweka imene iyenera kuchotsedwa. Ya mng'alu umodzi woonda, yomwe yagwira bwino, isiyeni. Ya maluwa yosweka pawiri imalumikizika ndi guluu n'kubwerera pamalo pake, ndipo imaoneka bwino kuposa yatsopano. Mabowo a misomali ya kapeti amadzazika ndi matope osakaniza ndi utoto wofanana, ndipo misomali yotsalira muziizula moipotoza ndi pulayala, osati moitukula. Pamene mapazi anadya mpaka pakhala kachigwa pafupi ndi khomo, ine sindikhudzapo, ndipo ndimadandaula ndikaona anthu akulipira ndalama kuti pafafanizidwe.

Kutsuka kumabwera ntchito yomanga ikatha ndipo matope atauma, chifukwa madzi olowa pansi pa matailosi ogwedera amawonjezera vuto. Lamulo lake ndi madzi ochepa ndi kuleza mtima kwambiri. Ndikudziwa kuti ambirife tinazolowera kukhuthula ndowa yonse pa simenti n'kukolopa, koma pano madzi otero amalowa pansi n'kudzutsanso mchere uja. Yesani kaye pakona yobisika. Gulani mankhwala otsukira matailosi a dothi, amene alembedwa kuti alkaline, muwasungunule monga mwa malangizo ake, mupake pa kachigawo kakang'ono, mudikire mphindi 10 osalola kuti aume, kenako mutsukute ndi burashi ya nayiloni kapena siponji yosakanda. Madzi akudawo achotseni nthawi yomweyo ndi nsanza kapena makina okoka madzi, apo ayi litsiro limangobwerera m'tailosi. Tsukuluzani ndi madzi oyera ochepa, mupukute, ndipo mupite pa kachigawo kena. Malo ena mudzabwereza katatu kapena kanayi. Mukaona kuti pamwamba pali chikhungu chachikasu kapena chofiirira, ameneyo ndi phula wakale wowalitsira pansi, osati wakuda uja, kapena mafuta a mbewu otchedwa linseed amene eni nyumba akale ankapaka, ndipo amafewa ndi mankhwala osungunulira penti otchedwa white spirit kapena mankhwala ochotsera phula. Madontho a penti amachoka ndi lezala yogoneka. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo musasakanize mankhwala osiyana, makamaka bulichi ndi chilichonse cha asidi, chifukwa zimatulutsa mpweya wakupha.

Pali zinthu zitatu zimene zimawononga kotheratu. Asidi wotsukira njerwa amadya matope a m'mipata ndi laimu wa pansi, ndipo amatha kusintha mtundu wa matailosi. Burashi ya waya ndi chitsulo chotsukira miphika zimakanda ndi kusiya tizitsulo timene timachita dzimbiri. Chachitatu ndi makina opala. Makampani ena amalonjeza kuti m'tsiku limodzi kolido idzaoneka yatsopano, ndipo amatero podya pamwamba pa matailosi ndi zopalira za dayamondi. Pamaoneka bwino mwezi woyamba, koma khungu lolimba limene moto unapanga limakhala litapita, tailosi imayamba kumwa litsiro msanga, ndipo pa encaustic zojambula zija, zomwe kuya kwake ndi mamilimita ochepa chabe, zimapyapyala. Wina akakuuzani za makina, mufunseni bwinobwino kuti pansi pa makinawo aikapo chiyani.

Tifike pa polishi. Polishi wofiira amayenera pa simenti ya kwathu chifukwa simentiyo ndi ya mtundu umodzi ndipo polishiyo ndi amene amaipatsa maonekedwe. Pa kolido yanu utoto wofiirawo udzalowa m'matailosi oyera ndi achikasu, ndipo kuuchotsa ndi ntchito yowawa imene nthawi zina sitheka n'komwe. Vanishi ndi mankhwala ena onyezimiritsa amene amapanga chikopa pamwamba ndi oipanso, chifukwa amatseka mpweya, amayera ngati mkaka chinyontho chikawakankha kuchokera pansi, kenako amasendeka. Chimene mukufuna ndi mankhwala olowa m'kati mwa tailosi, amene m'masitolo amalembedwa kuti breathable impregnating sealer. Amenewa amaletsa madzi ndi mafuta kulowa koma amalola chinyontho kutuluka. Muwapake pansi patauma ndithu, mutayesa ndi pulasitiki ija, mopyapyala ndi nsalu yosathothoka, ndipo otsala pamwamba muwapukute asanaume. Ena mwa iwo amadetsa mtundu pang'ono, choncho yesaninso pakona. Ngati mtima wanu ukufunabe kuwala pang'ono, phula wopanda mtundu wotchedwa microcrystalline wax, wopakidwa mochepa kwambiri n'kupukutidwa, amapereka kuwala kofatsa, koma dikirani kufikira mutatsimikiza kuti mchere unaleka kutuluka. Dziwaninso kuti matailosiwa sanapangidwe kuti azinyezimira ngati galasi.

Za mmisiri amene anakuuzani za simenti yosalaza, sindikuganiza kuti amafuna kukupusitsani. Imeneyo ndi njira imene amaidziwa, ndipo pa nyumba yamakono ndi yolondola. Koma pa nyumba yanu idzatsekera chinyontho pansi, ndipo simentiyo imamatirira pa matailosi mwakuti wodzaichotsa m'tsogolo adzavutika koopsa. Ngati ndalama zokonzera palibe chaka chino, zimenezo si vuto. Sungani matailosi ozuka m'bokosi, dzazani maenje ndi matope ofewa a laimu kuti munthu asapunthwe, ndipo yalani mkeka wautali wa ulusi wachilengedwe wopanda labala kunsi, osamata ndi guluu kapena kukhomera misomali. Kolidoyo ikhoza kudikira motero popanda kuwonongeka.

Ntchito yosesa mchere, kujambula, kugogoda, kutsuka ndi kubwezeretsa matailosi ochepa mungaigwire nokha. Itanani katswiri ngati malo ogwedera ndi aakulu kuposa chitseko chogoneka pansi, ngati pakati patukuka kapena pabwira, ngati mitanda ya pansi yawola, kapena ngati chinyontho sichikutha ngakhale papita miyezi. Ntchito ya mzere wa simenti ija, pamodzi ndi kudula tizidutswa tatsopano, ndingakonde mutaipereka kwa munthu amene anaigwirapo. Musanayambe chilichonse chachikulu, fufuzani pa mndandanda wa Historic England, bungwe la boma loona za nyumba zakale, ngati nyumba yanu ili m'gulu la nyumba zotetezedwa. Nyumba zambiri za mumzere sizilimo, koma ngati yanu ilimo, kuzula kapena kusintha pansi popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu, ndipo ofesala woona za nyumba zakale kukhonsoloko ndi amene angakuuzeni zoyenera. Bungwe loteteza nyumba zakale la SPAB, limene William Morris ndi anzake anayambitsa mu 1877, limapereka malangizo kwa eni nyumba zakale, ndipo la Tiles and Architectural Ceramics Society lingakuthandizeni kuzindikira mtundu wa matailosi anu.

Mmisiri akabwera, mupempheni zithunzi za makolido akale amene anakonza, makamaka zojambulidwa ntchito ili mkati, chifukwa zomalizidwa zokha sizionetsa zimene anaika pansi. Mufunseni kuti adzadzaza ndi chiyani, adzazula matailosi angati, atsopano adzawatenga kuti, ndiponso adzapaka chiyani pomaliza, ndipo zonsezi azilembe pa pepala la mtengo. Amene angagwade n'kuyamba kugogoda asanatchule mtengo, ameneyo mumvetsereni. Ntchito ikatha, ikani chopondera chachikulu pakhomo kuti mchenga wa kunsapato usalowe, popeza mchengawo ndi umene umadya matailosi kuposa china chilichonse. Muzisesa kawirikawiri, muzikolopa ndi nsanza yofinya bwino ndi sopo wofatsa wopangidwira matailosi a dothi, osati bulichi kapena viniga, ndipo chaka ndi chaka muzidontheza madzi pang'ono pakati pa kolido: akakhala timibulu pamwamba ndiye kuti mankhwala aja akugwirabe ntchito, koma akalowa n'kudetsa tailosi, nthawi yopakanso yakwana.